Mabanzi a Kukhomo la Kuseri

Ndipo ngakhale atati anene, angayambire pati — pa banzi loyamba lija, kapena pa bodza loyamba, poti ziwirizi zinabwera tsiku limodzi, ola limodzi, pakhomo limodzi? Bamboyo anali atakhala pabenchi m'khonde la chipatala, m'zikhadabo mukadali ufa chifukwa anachokera kubekale osadutsira kunyumba, ndipo pamaondo pake panali pepala la mafunso limene mkazi wake anamusiyira kuti agwirizire pamene iye analowa m'wodi kukathandiza mwana wawo kusamba. Masamba anayi, tizilembo tothinana, timabokosi tochongamo. Mkazi wake anali atadzaza kale onse m'mawa womwewo, osadumpha ngakhale funso limodzi, monga mmene amachitira china chilichonse.

Mwanayo anali mmodzi yekhayo amene Mulungu anawapatsa, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, wophunzira zauphunzitsi, ndipo limeneli linali tsiku lachisanu ndi chinayi ali pabedi. Miyezi inayi akutsegula m'mimba, masiku ena ndi magazi omwe, akuwonda mpaka siketi kumazungulira yokha m'chiuno, iye n'kumangoti ndi mayeso, ndi madzi a kukoleji, mpaka tsiku limene anagwa m'bafa. Madokotala atamuunika m'kati anapeza matumbo otupa, odzaza tizilonda, ndipo ananena mosapsatira kuti awa ndi matenda amene amagona n'kudzukanso, sachoka. Kenako dzulo lake kunabwera mayi wina wa kafukufuku, wa mawu ofewa, atanyamula pepala ili. Ankafuna kudziwa zimene odwala otere ankadya kuyambira ali ana, makamaka za ufa woyera ndi za shuga, poyerekeza ndi masamba, zipatso ndi nyemba. Anati sizokakamiza, anati sizisintha mankhwala, anati adzabwera kudzatenga pepalalo 3 koloko masana. Tsopano inali itangokwana 11.

Funso la nambala 14 analiwerenga kasanu, ngati kuti likhoza kusintha likatopa naye. Linkafunsa kuti kuyambira zaka zisanu mpaka kumaliza sukulu, wodwalayu ankadya kangati makeke, mabanzi otsekemera kapena mabisiketi. Mkazi wake anachonga kabokosi ka kumapeto, konena kuti kamodzi pamwezi kapena osadya n'komwe, ndipo anachonga mwamphamvu mpaka bolopeni kuboola pepala — osati mwaukali, ayi, ankamudziwa bwino mkazi wakeyo, koma monyadira, monga munthu amene pamapeto pake wafunsidwa funso limene wakhala akulikonzekera zaka makumi awiri.

Ndipo anali nacho chifukwa chonyadira. Bambo ake a mkaziyo anamwalira ndi matenda a shuga atayamba adulidwa mwendo, ndipo amene ankawatsuka chilondacho anali iyeyo akadali mtsikana, motero m'nyumba mwake shuga ankakhala m'kabotolo pamwamba pa kabati, wa alendo okha, ndipo mlendo akathira supuni yachitatu ankaperekezedwa ndi diso mpaka pageti. Anakwatiwa ndi munthu wa kubekale, inde, ndipo abale ake ankamuseka nazo, koma buledi wolowa m'nyumba mwake anali wabulauni basi, wotopetsa nsagwada uja. Mwana ankapita kusukulu ndi chipatso m'chikwama, madzulo n'kudya nyemba ndi masamba. Pa tsiku lobadwa keke inkaloledwa kagawo kamodzi, kopyapyala koti ukakakweza m'mwamba uona kuwala kuseri kwake. Bamboyo ankavomereza zonsezi ndi mutu, ankathandiza ngakhale kutsuka masambawo, ndipo pamaso pa alendo ankakonda kunena kuti m'nyumba muno dokotala tili naye kale.

Koma kubekale kunali lamulo lakale kuposa iye. Zokanidwa — mabanzi ong'aluka, opserera mbali, ophwanyika potuluka mu uvuni — zinkaponyedwa m'dengu pafupi ndi khomo la kuseri, ndipo wantchito aliyense ankaloledwa kudya mmene mimba yake ingalolere, koma osatuluka nazo pageti ngakhale kachidutswa. Iye ndiye anali woyeza, a Sikelo monga anzake ankamutchulira: m'mawa ankayeza ufa, shuga ndi yisiti, masana ankaima pa mathireyi kusankha zopita kusitolo ndi zopita m'dengu. Sukulu ya mwanayo inali msewu wachiwiri kuchokera pamenepo, mayi ake ankaweruka mochedwa kushopu yosoka zovala, ndiye zinagwirizanika kuti mwana akaweruka azidutsira kwa bambo ake, azikhala pa kireti pakhomo la kuseri, kenako azipitira limodzi kunyumba. Amene anaganiza zimenezi anali mkazi wake yemwe, ndipo zaka zonsezi mtima wa bamboyo ukafuna pobisala unkathamangira pamenepo — si ine ndinamuitana, ndinu munamutumiza — ngati kuti kutumiza mwana kwa bambo ake ndi mlandu.

Tsiku loyambalo mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anafika akulira chifukwa anzake anamuseka kuti kwawo amadya za mbuzi. Iye analibe mawu omutonthozera, sanakhalepo munthu wa mawu, anangopisa dzanja m'dengu n'kutulutsa banzi la jamu long'aluka pamwamba. Mwanayo analilandira ndi manja awiri, analuma, kulira kunadukira panjira, n'kumuyang'ana bambo ake ndi maso amene munthu wina aliyense anali asanamuyang'anepo nawo chibadwire, ngakhale mkazi wake pa tsiku la ukwati. M'nyumba mwake iye anali munthu wachiwiri, wotumidwa, wofunsa kaye asanasunthe mpando. Apa, pakhomo lonunkha mafuta ndi utsi wa malole, anali mfumu. Ndiye anawerama, bambo wamkulu ndi ndevu zake, n'kumunong'oneza mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kuti amayi asamve.

Banzi limodzi linasanduka atatu, kuphatikizapo kapu ya sikwashi imene anzake ankasungunula yokhathamira. Anzakewo anamupatsa mwanayo dzina loti Kapitawo, chifukwa ankaluma n'kupereka chigamulo, lero mwaumira jamu, lero mwagona pa uvuni, iwo n'kumafa ndi phwete. Zonsezo akanatha kuzipirira pokumbukira. Chimene chinkamuwotcha tsopano, pabenchi ili, chinali chala chake chachikulu. Masiku amene uvuni yachita bwino ndipo m'dengu mulibe kanthu, kapena muli zouma zokhazokha, iye ankayenda m'mbali mwa thireyi, kusankha banzi lokongola kuposa onse, lonenepa, lonyezimira, n'kulidinda ndi chala pakati, n'kunena mokweza kuti lakanika ili. Zaka makumi awiri ndi ziwiri pa sikelo sanabepo ngakhale galamu imodzi, abwana ankalumbirira dzina lake, koma chala chimenechi chinkagwira ntchito yake mwakachetechete sabata ndi sabata. Mwanayo akamaliza kudya ankamutengera pampopi kukachukucha m'kamwa, kumusasa shuga payunifolomu, ndipo ndi iye amene anamuphunzitsa kumaliza mbale ya nyemba ali wokhuta kuti kunyumba funso lisabuke.

Munthu wina akanatha kunena kuti sindikumbuka, zinali zochepa, ana onse amadya zimenezi. Koma tsoka la woyeza ndi lakuti amadziwa. Banzi la jamu lililonse, ukaphatikiza shuga wa mu ufa wokanda, wa mu jamu ndi wowaza pamwamba, limanyamula magalamu makumi atatu, ndipo linali dzanja lake lomwe limene linkathira. Atatu patsiku. Masiku a sukulu mazana awiri pachaka. Zaka khumi ndi chimodzi. Sanafune kuwerengera, anayesa kutsatira ndi maso namwino amene ankakankha kangolo ka mankhwala, anayesa kuwerenga chikwangwani chonena za kusamba m'manja, koma mutu unali utamaliza kale ntchito yake: matumba anayi, a makilogalamu makumi asanu aja, oti limodzi limafuna anthu awiri kuti litsike m'lole — osawerengera sikwashi, osawerengera ufa woyera. Anawaona atasanjikizana pakona ya chipinda chosungira katundu, kenako anaona miyendo ya mwana wake mmene anaionera dzulo pamene namwino anakweza bulangeti.

Nanga n'chifukwa chiyani mkazi wake anamusiyira pepalali, m'chikwama mwake malo alimo? Anangoti gwirani ichi, osamuyang'ana n'komwe. Mwina ankadziwa, mwina wakhala akudziwa kuyambira kalekale — mayi woti amanunkhiza kolala ya malaya n'kukuuza kumene wadutsira sangalephere kumva fungo la jamu pa mwana wake zaka khumi ndi chimodzi — ndipo tsopano wamuikira pepala m'manja kuti aone ngati mwamunayu angalimbe mtima n'kukonza yekha. Koma ayi, ayi ndithu. Mkazi wake sadziwa kutchera misampha, akakhala ndi nkhani amakuponyera pamphumi mbale zili patebulo, ndipo kumuganizira zotere kunali kumudetsa dala kuti iyeyo apepukidwe. Manyazi anamugwira. Bolopeni inali m'thumba la malaya, ndipo kufufuta pamene panachongedwa n'kuchonga kabokosi koyamba, konena kuti tsiku lililonse, inali ntchito ya kamphindi. Anaitulutsa, anaichotsa chivundikiro, ndipo chitseko cha wodi chitatseguka anapezeka ataibwezera kale m'thumba asanaganize n'komwe.

"Lowani, wamaliza," anatero mkazi wake, n'kulandira pepalalo.

M'wodimo munali mabedi asanu ndi limodzi, ndipo la mwana wawo linali la pawindo. Anali atatsamira mapilo awiri, tsitsi lonyowa m'mbali, diripi ili padzanja lamanzere, ndipo anamupatsa moni bambo ake mwaulemu, mwadzuka bwanji ababa, maso ali pa bulangeti. Masiku asanu ndi anayi onsewa zinali choncho. Kale akakumana maso patebulo pankadutsa kenakake pakati pawo, kosaoneka kwa wina aliyense, kakumwetulira kobisika m'tsaya. Tsopano mwanayo ankamuyang'ana paphewa, pakhutu, pabatani la malaya. Mwina kunali kutopa chabe, munthu wopita kuchimbudzi kakhumi patsiku sakhala ndi mphamvu zosekera. Koma mwanayu ndi wophunzira, foni ili pansi pa pilo, ndipo zimene bambo ake ankaopa kufunsa iye ayenera kuti anaziwerenga kale zonse, n'kuziika pamodzi, n'kupeza yankho lokhala ndi nkhope ya munthu. Bamboyo anakhala pampando wa pulasitiki kumiyendo kwa bedi, n'kubisa manja ake pakati pa maondo.

Limeneli linali tsiku loyamba limene dokotala analola kuti wodwalayo ayambe kudya zolimba, ndipo mkazi wake analikonzekera ngati phwando. Itakwana 12 anatulutsa m'chikwama kontena yokulunga m'thaulo kuti isazizire: nyemba zofewa bwino, masamba, magawo awiri a buledi wabulauni, ndi apozi wodula kanayi. Anali atangoika supuni pamene namwino wobweretsa chakudya anafika n'kumuletsa, mwaulemu ndithu, dzanja lina lili pa kangolo. Anati dokotala walemba kuti pakadali pano nyemba ayi, masamba ayi, zamakoko ayi, buledi wabulauni ayi, chifukwa matumbo akadali ndi zilonda ndipo zimenezi zimakanda podutsa. Anaika patebulo mbale ya mpunga woyera, msuzi wosefa, ndi magawo awiri a buledi woyera.

"Zimakanda?" anafunsa mkazi wake.

"Panopa pokha, mayi, mpaka apole," anayankha namwinoyo, n'kupitirira ku bedi lina.

Koma bamboyo anaona kuti mkazi wake wamva mawu oyamba okha. Anatseka kontenayo pang'onopang'ono, ngodya imodzi imodzi, anaikulunganso m'thaulo, anaiika pansi pa mpando kumene mwana sangaione, kenako anakhala chilili, milomo ikugwedera pang'ono popanda mawu. Nkhope imeneyo anaizindikira, poti ola limodzi lapitalo inali yake: mkazi wake ankawerengera. Mbale ya nyemba tsiku lililonse, masamba kawiri patsiku, buledi wolimba uja m'mawa uliwonse, zaka makumi awiri, zonse zikudutsa m'kati mwa mwana wake zikukanda. Ndipo patebulo, ngati kumuseka, panali buledi woyera amene iye anamuletsa m'nyumba moyo wake wonse, ali m'mbale ya chipatala, atalembedwa ndi dokotala. Mwanayo ananyema kachidutswa n'kutafuna osayang'ana aliyense. Bamboyo anati akukasaka madzi akumwa, ngakhale botolo linali lodzaza pakabati.

M'khonde anakumana ndi dokotala akuchokera kuwodi ina, mayi wachitsikana wa maso otopa, mafayilo ali kukhwapa. Anamuimitsa ndi mapepani ambiri, n'kuyamba kufotokoza za mnzake wa kuntchito amene ali ndi mwana wodwala matenda omwewa, mwana amene ankadya zotsekemera kwambiri, tsiku ndi tsiku, zaka zambiri, ndipo mnzakeyo akufuna kudziwa ngati zimenezo ndi zomwe zinabweretsa matendawo. Dokotalayo anamuyang'ana m'zikhadabo, kenako kumaso, ndipo sanafunse dzina la mnzakeyo. Anati matendawa palibe amene akudziwa gwero lake lenileni. Muli za kumtundu, muli chitetezo cha m'thupi chimene chimatembenukira mwini wake, muli tizilombo tokhala m'matumbo timene timasintha ndi zimene munthu amadya. Anati akafukufuku ena apeza kuti odya shuga wambiri ndi zakumwa zotsekemera, masamba ochepa, amadwala mochulukirapo pang'ono, ena sanapeze kanthu kogwirika. Alipo odya shuga ngati nyerere amene sadwala, alipo osamulawa n'komwe amene ali pabedi. N'chifukwa chake pali kafukufuku uja, anatero, ndipo amathandiza pokhapokha anthu akalemba zoona. Za nyemba ndi masamba anapukusa mutu: zimenezo sizibweretsa matendawa, mwinanso zimateteza, angoziimitsa kaye kuti zilonda zipole.

"Koma shugayo, adokotala?"

"Sindinganene kuti ndi iyeyo, bambo. Sindinganenenso kuti si iyeyo."

Anapita, nsapato zake zikulira pa simenti, n'kumusiya ali chiimire pafupi ndi chitini cha zinyalala. Iye ankafuna nambala. Moyo wake wonse zinthu zinkaikidwa pa sikelo, muvi n'kugwedera, n'kuima, munthu n'kudziwa chochotsa kapena chowonjezera. Akanauzidwa kuti ndinu, akanagwada pamaso pa mkazi wake lero lomwe, zimene zingabwere zibwere, ndipo akanauzidwa kuti si inu, akanalowa m'wodi n'kumuyang'ana mwana wake m'maso. Koma muvi uwu sunkaima. Ndipo m'kusaima kwakeko munali kampata koti munthu wamantha adutsemo bwinobwino — poti sizikudziwika, poti sizisintha mankhwala, poti kunena kungangophwasula nyumba pa nthawi imene mwana akufuna makolo onse awiri, ndinenerenji? Anakaona kampatako, anaona kuti n'kotakasuka ndithu, ndipo anadzida chifukwa cha mmene mtima wake unakakondwerera. Pepala lija likapita mmene lilili, likalowa m'mulu wa mapepala ena n'kukachitira umboni kuti mwana woleredwa ndi nyemba, wosalawa shuga, wadwala, ndipo iye, a Sikelo, ndi amene adzakhale atapotoza muyezo.

Atabwerera anamuitanira mkazi wake pawindo n'kumuuza, motsitsa mawu, zimene dokotala ananena za nyemba ndi masamba. Anafotokoza bwino, anabwereza kawiri, anamva mawu ake akumveka ngati a mwamuna wabwino, wosamala, wothamangira dokotala m'khonde chifukwa cha mkazi wake. Mkaziyo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti madokotala amatero potonthoza anthu. Anati ngati si chakudya, n'chifukwa chiyani akufunsa za chakudya masamba anayi athunthu, ndipo ngati ndi chakudya, ndi ndani wina amene ankamudyetsa mwanayu? Funsolo sanalifunse momutola mtima, analifunsa ngati chinthu chodziwikiratu, akuyang'ana magalimoto pansi. Patsogolo pa bamboyo panali khomo lotseguka, lalikulu kuposa la kubekale, ndipo iye anangoti tisafulumire kuganiza zambiri.

Maola awiri otsatira anayenda mwaulesi. Mwanayo anadzuka kawiri kupita kuchimbudzi, akukoka chitsulo cha diripi, mayi ake atamugwira m'chiuno, ndipo ulendo uliwonse bamboyo ankatsala yekha ndi chikwama cha mkazi wake chili pampando, pepala likusuzumira pazipi. Ankakonza mawu. Mayi ake, pali kanthu. Ayi — mayi ake, mundikhululukire, pa funso lija. Ankaona nkhope ya mkazi wake ikumva, ankaona zaka khumi ndi chimodzi za madzulo onse aja zikutembenuka m'maso mwake, iye akupakula nyemba, awiriwa akutafuna mwaulemu atakhuta kale, akumuseka mumtima — sanamusekepo, Mulungu ndi mboni, koma adzakhulupirira bwanji? Sadzangotaya mwamuna, adzatayanso mwana, chifukwa bodzalo linali la anthu awiri, ndipo kuulula kunali kumuvula mwana wodwala pamaso pa mayi ake. Kapena imeneyinso inali njira ina yothawira, yovala bwino kuposa zinzake? Sankathanso kusiyanitsa pamene chifundo chikuthera ndi pamene mantha akuyambira.

Mayi wa kafukufuku anafika 3 koloko itangopitirira pang'ono. Anakoka katani, anakhala m'mbali mwa bedi, anathokoza chifukwa cholemba mwaukhondo, n'kufotokoza kuti poti wodwalayu ndi wamkulu, awerenga mayankho mmodzi mmodzi kuti mwini wake avomereze asanasaine. Buledi wabulauni, tsiku lililonse. Eya. Nyemba, kasanu pasabata kapena kuposa. Eya. Zakumwa zotsekemera, osamwa n'komwe. Mwanayo anavomera ndi mutu. Bamboyo ankawerenga nawo manambala chamumtima, khumi ndi chimodzi, khumi ndi ziwiri, ndipo anadziuza kuti likafika funsolo aimirira, angoimirira basi, miyendo ikayamba pakamwa patsatira.

"Makeke, mabanzi otsekemera, mabisiketi. Apa mwalemba kamodzi pamwezi kapena osadya n'komwe. Ndi momwemo?"

Panadutsa kamphindi, kakafupi koti mkazi wake sanakaone, koma kwa iye kanali kotalika mokwanira kuti aimirire katatu. Anakhalabe pampando.

"Ndi momwemo," anatero mwanayo.

Mawuwo anatuluka osalala, opanda kanjenje, ndipo anasaina ndi dzanja lamanja dzina lake lonse, mosathamanga. Mayi wa kafukufuku anamuyamikira mayi ake kuti ana oleredwa chonchi ndi osowa masiku ano, ndipo mkazi wake, amene m'mawa uja akanawala ndi mawu amenewo, anangoyang'ana pansi ngati wamenyedwa mbama. Katani inatsegulidwa, mayiyo anapita ku bedi lachitatu kumene kunali wodwala wina wa matenda omwewo, ndipo mawu ake ofewa ankamvekabe akuyamba funso loyamba. Pepalalo linali lisanatuluke m'chipindamo. Linali pamtunda wa mapazi khumi, mu fayilo yobiriwira.

Anamuchitira chifundo mwanayu, kapena anangochita zimene anazolowera, zimene bambo ake anamuphunzitsa asanadziwe n'kulemba komwe? Kapena anamusiyira dala, kunena kuti katunduyu ndi wanu, ine sindikunyamulirani, ndinanyamula kale gawo langa m'mimba muno? Namwino anabwera kudzathira mankhwala mu diripi, mwanayo anatembenukira kukhoma n'kutseka maso, ndipo posakhalitsa mpweya wake unayamba kuyenda mofanana. Dzuwa linali litafika pa bulangeti. Mkazi wake anakoka mpando wake n'kuusendeza pafupi ndi wa mwamuna wake, atafulatira bedi, ndipo anachita chinthu chimene anali asanachite kwa zaka zambiri: anatenga dzanja lake n'kuligwira ndi manja ake onse awiri. Manja a mkaziyo anali ozizira, okhakhala ndi singano. Mayi amene sanalire pa maliro a bambo ake omubereka anali ndi misozi mpaka pachibwano.

"Abambo ake, ine ndinkati ndikumuteteza," ananong'ona. "Inu simunandinamizepo. Ndiuzeni, kodi ndine ndamupweteka mwanayu?"

Anatsegula pakamwa, ndipo poti sakanatha kupirira nkhope imene inali patsogolo pakeyo, anakweza maso kudutsa paphewa la mkazi wake. Mwanayo sanali m'tulo. Anali atatembenuka mwakachetechete, tsaya lili pa pilo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masiku asanu ndi anayi ankamuyang'ana bambo ake m'maso mwenimweni, osaphethira. Ku bedi lachitatu mawu ofewa aja anali atafika pa funso lachisanu ndi chiwiri. Mkazi wake anafinya dzanja lake, akudikira. Ndipo mutu wa mwanayo unasuntha pang'ono pa pilo, kamodzi kokha, pang'ono kwambiri moti bamboyo, pakamwa pali yasa, sanathe kudziwa ngati akumuuza kuti nenani, kapena akumupempha kuti musanene, kapena unali ululu chabe ukudutsa m'matumbo.